Mvumbi si namondwe: yankho kwa mlembi wa komiti ya ngozi ku Dwangwa

Mayi wina wa kufupi ndi Dwangwa, m'boma la Nkhotakota, wafunsa motere: "Ndine mlembi wa komiti yoona za ngozi m'mudzi mwathu. Uthenga wa zanyengo ukafika pa foni, ndine amene ndimaulengeza kutchalitchi, kumzikiti ndi pachigayo. Tsiku lina ndidalengeza kuti kukubwera namondwe. Mvula idagwadi masiku atatu, koma mphepo kunalibe, ndipo akuluakulu ena adati ndidawanamiza chifukwa umene udagwawo unali mvumbi. Kodi mvumbi, mkuntho, chimvula, namondwe, napolo ndi chigumula zimasiyana pati? Nanga ndizitchula liti pa nthawi iti kuti anthu azindimvera?"

Mayi, akuluakulu aja adanena zoona, ndipo musawasungire chakukhosi. Inunso simudalakwe mwadala, chifukwa mawu amenewa tawasokoneza tonse masiku ano, kuyambira pa wailesi mpaka m'kalasi. Ine ndidaphunzitsa Chichewa zaka zambiri kuno ku Salima, koma za mvula ndidaziphunzira kwa agogo anga aakazi kufupi ndi Lifuwu, kumene munthu wosadziwa kusiyanitsa mvula amataya mpunga, bwato kapena nyumba.

Mawu athu a mvula sadapangidwe kuti aziyeza kuchuluka kwa madzi. Amanena khalidwe la mvulayo: yabwera bwanji, ikhalitsa kapena ingodutsa, iwononga chiyani. N'chifukwa chake munthu akamva liwu loyenera amadziwa yekha chochita. Akamva za mkuntho, maso amapita kudenga. Akamva za mvumbi, amayang'ana khoma, nkhuni ndi mtsinje. Inu mudauza anthu kuti ayang'ane kumwamba pamene ngozi imadzera pansi, ndipo n'chimene chidawapweteka mtima akuluakuluwo.

Ndiyambe ndi mvumbi, popeza ndi umene udakukanganitsani.

Liwuli ndi lapachibale ndi mneni wakuti kuvumba. Akale ankati mvula ikuvumba, pamene ife timangoti ikugwa. Mneniyu tikadali naye: munthu akalowa m'nyumba zovala zili chuchuchu amati ndavumbwa, ndipo palibe amamufunsa kuti wavumbwa ndi chiyani. M'mabuku akale mupeza atalemba kubvumba ndi kubvumbwa, monga ankalembera kubvala ndi kubvina. Ndi liwu lomwelo, kalembedwe kokha ndi kamene kadasintha. Ngakhale Ashona a ku Zimbabwe ali ndi liwu lakuti mubvumbi, ndipo amanena mvula ya mtundu womwewu.

Mvumbi ndi mvula yosakata. Umadziwika ndi kukhalitsa kwake, osati ukali. Mabingu amakhala ochepa kapena osamveka n'komwe, mphepo imakhala yofatsa, mitambo imatsika n'kuphimba mapiri, dzuwa osaoneka. Umati kuleka pang'ono, munthu n'kutenga khasu, asanafike kumunda wayambanso. Ngati muli m'nyumba yamalata mumatha kucheza osakuwa, ndipo apa ndi pamene pagona chinyengo chake. Tsiku loyamba aliyense amaukonda. Ndi nyengo yowokera mpunga ndi yobzala mbatata, chifukwa mbande siifota. Tsiku lachiwiri nkhuni zonse zanyowa, m'khitchini muli utsi wokhawokha, nkhuku zaunjikana pakhonde, mbuzi zaima m'matope m'khola, mphale yoti ikagayidwe yakana kuuma. Tsiku lachitatu nthaka yakhuta. Dontho lililonse limene likugwa tsopano lilibe kolowera, ndiye limapita kudambo, kumtsinje, kapena m'maziko a nyumba.

Ndimakumbukira mvumbi wina ndili mwana. Nyumba yathu inali ya zidina, yofolera ndi udzu, ndipo denga silinkadontha chifukwa malume adali atalifolera bwino chaka chomwecho. Madzulo a tsiku lachitatu agogo adatenga koloboyi n'kuyamba kuyenda m'mbali mwa khoma, mkati mwa nyumba, akugwiragwira ndi dzanja chapansi. Kuchokera pansi kufika m'mawondo khomalo linali litada, ngati munthu walithira madzi. Adakanikiza ndi chala chachikulu, chala n'kulowa. Sadanene zambiri. Adangoti, "Pindani mphasa, tikagona kwa amalume anu." Ife tidanyinyirika, poti kunja kunali mdima ndi matope, ndipo mvula yake inali yongowaza. Chakumbandakucha khoma la kuchipinda kumene tinkagona ana lidangoti gumu, kugwera mkati. Usiku wonsewo sikudaombe mphepo yoti n'kugwetsa ngakhale tsekera.

Mvumbi ndi umenewo. Zidina zimamwa madzi kuchokera pansi mpaka zitalephera kunyamula denga. Zimbudzi zokumba mumchenga wa m'mphepete mwa nyanja zimatitimira, zonyansa n'kulowa m'zitsime zosatetezedwa, ndipo kolera imapezerapo njira. Inu ndi ine tidaona momwe matendawa adavutira ku Salima ndi ku Nkhotakota pa mliri wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kumunda nako feteleza amasukuluka, chimanga cha pamalo a lowe chimachita chikasu, chinangwa chimaola pansi. Ndikamva mwambi uja wakuti mvula ikakuona litsiro siikata, ndimadziwa kuti amene adaupeka ankanena za mvumbi, chifukwa mvula ina iliyonse imakata msanga.

Manambala a akatswiri a zanyengo amavomerezana ndi agogo pa nkhaniyi, ndipo ndi bwino muwadziwe popeza mauthenga a pa foni amabwera ndi mamilimita. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Ekala imodzi ili ndi timalo totere topitirira pang'ono 4,000. Choncho mamilimita 50 akagwa pa ekala imodzi, ndiye kuti pathiridwa malita oposa 200,000, omwe ndi madiramu 1,000 a malita 200. Pa kayezedwe kamene amatsata akatswiri ambiri, mvula imatchedwa yamphamvu ikamagwa mamilimita 10 kapena kuposerapo pa ola limodzi, ndipo ikapitirira 50 pa ola ndiye yoopsa zedi. Tsono taganizani mvula yogwa mamilimita 4 okha pa ola. Pa muyeso umenewu si yamphamvu ayi, ndi yapakatikati. Koma ikagwa choncho masiku atatu osakata, maola 72, yakwana mamilimita 288, madiramu oposa 5,000 pa ekala iliyonse. Mvula yosayenera n'komwe dzina lakuti yamphamvu yathira madzi ochuluka kasanu kuposa chimvula cha mamilimita 50 pa ola limodzi chimene mudzi wonse udathawira m'nyumba.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi mawu akuti mvula yamphamvu. Si olakwika, ndi Chichewa chabwinobwino, ndipo a nthambi ya boma yoona zanyengo amawagwiritsa ntchito moyenera akamanena za muyeso wawo. Vuto ndi lakuti ameza anzawo onse. Mvumbi, mvula yamphamvu. Mkuntho, mvula yamphamvu. Matalala, mvula yamphamvu. Mayi wa pachigayo akamva mawu amenewa sadziwa ngati akachotse ana pafupi ndi khoma kapena akasanjike miyala padenga. Ndipo kwa anthu a ku Nkhotakota, kumene mvula ya pachaka imafika cha m'ma mamilimita 1,500 pamene ku Lilongwe siikwana 1,000 zaka zambiri, kumva kuti kugwa mvula yamphamvu mu Malichi si nkhani yoimitsa munthu panjira. Imagwa chaka chilichonse.

Mkuntho ndi mphepo, si mvula. Tikamati mvula yamkuntho tikunena mvula imene yabwera ndi mphepo yaukali, ndipo wowononga wamkulu ndi mphepoyo. Imeneyi simungaiphonye. Kumatentha tsiku lonse, kenako mbali imodzi ya thambo imangoti bii, fumbi ndi masamba zimayamba kuuluka, mango osapsa kuyoyoka, ching'aning'ani ng'ani ng'ani, bingu n'kugunda. Madontho ake ndi akuluakulu, amagwa chopendekera n'kulowa pazenera. Nthawi zambiri ola silikwana, yapita, koma yasasula madenga a sukulu ndi matchalitchi, yagwetsa nthochi ndi mitengo ya magetsi. Matalala ndi mphezi zimayenda ndi mvula ya mtundu uwu. Imakonda kumayambiriro kwa dzinja, mu Novembala ndi Disembala, ndipo kuno kunyanja imabweranso usiku kapena mbandakucha, chifukwa usiku madzi a m'nyanja amakhala ofunda kuposa mtunda, mitambo n'kumangana pamwamba pa nyanjapo.

Mvula yoyamba ija timaitcha chizimalupsa nayo kawirikawiri imabwera mwa mkuntho. Dzinalo likunena ntchito yake: imazima lupsa, tchire lopserera. Agogo ankatchulanso kokalupsa, yotsatira pambuyo pake, imene imakoka phulusa la lupsalo kupita nalo kumitsinje, madzi n'kuda. Onani kuti mayina awiri onsewa sakunena kuti mvulayo ndi yochuluka bwanji. Akuchenjeza mlimi kuti iyi si yobzalira, ngakhale igwe mwaukali chotani.

Chimvula ndi liwu la mboni. Ndi mvula yomweyo, taiphatikira chi- wokuza, monga timanenera chimunthu kapena chinyumba, ndipo mbali inayo kuli kamvula, kamene kamangowaza kapena kugwa mwa mawawa. Munthu amati "dzulo kudagwa chimvula chadzaoneni" atachiona ndi maso, madzi akungoti waa kuchokera padenga, ndowa ili ndendende asanamalize kutsuka mbale. Ndi liwu lokoma pofotokoza zimene zachitika kale. Polengeza zam'tsogolo silithandiza kwenikweni, chifukwa likunena kudabwa kwa wolankhula, osati chimene womvera achite.

Tsopano namondwe. Liwu ili ndi lathu ife a kunyanja kuposa wina aliyense, ndipo tanthauzo lake lenileni ndi mphepo yoopsa ya panyanja, youtsa mafunde omiza mabwato. Anthu a kutchalitchi amalidziwa pa nkhani ija ya Yesu ndi ophunzira ake m'ngalawa, pamene chimene chidawaopsa chinali mphepo ndi mafunde. Asodzi a ku Senga Bay, ku Chipoka kapena ku Chia amasiyanitsa mphepo ndi kumene ikuchokera: mwera kuchokera kumwera, mpoto kuchokera kumpoto, vuma kuchokera kuvuma, zambwe kuchokera kuzambwe. Iliyonse mwa izi ikalusa mpaka nyanja kuwinduka, ndiye namondwe. Mwera, umene umavuta kwambiri, umaomba m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kapena Seputembala, pamene kulibe mvula. Sitima ya Vipya idamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja yathuyi, anthu 145 n'kufa, ndipo umenewo unali mwezi wa mwera, osati wa dzinja. Choncho namondwe akhoza kupha popanda mvula kugwa. Msodzi wachikulire akamva inu mukuti kukubwera namondwe, amakokera bwato kumtunda n'kumadikira mafunde. Mafunde akapanda kubwera, kwa iye mwanama, ngakhale mvula igwe sabata yathunthu.

Taonaninso kapangidwe ka liwuli. Lili ndi na- kumayambiriro, ngati nanzikambe, namzeze, nalimata, ngakhalenso Namalenga. Mayina otere timawatenga ngati a chinthu chamoyo. N'chifukwa chake timati namondwe wafika, namondwe akubwera, anamondwe awiri, monga tinenera za munthu. Mvula imagwa, mvumbi umagwa, mkuntho umaomba, koma namondwe amabwera, amadutsa, amapha. Chilankhulo chidamupatsa miyendo.

Mwina n'chifukwa chake liwuli lidakwanira bwino pamene atolankhani ndi a zanyengo ankafuna dzina la Chichewa la zimphepo zozungulira zija zochokera ku nyanja yamchere ya India, zimene nazonso zimapatsidwa mayina ngati anthu: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, Gombe mu Malichi chaka chomwecho, Freddy mu Malichi 2023. Ine sinditsutsa tanthauzo latsopanoli. Lakhazikika, ndipo mwana aliyense wa sukulu amalidziwa. Koma pali chinthu chimodzi chimene olengeza ambiri sachifotokoza. Namondwe wotere amabadwira pamwamba pa madzi ofunda a m'nyanja yaikulu, ndipo mphamvu zake amazitenga kumadziko. Akangotsika kumtunda, ku Mozambique, mphepo yake imayamba kufooka. Pofika kwathu kuno, makilomita mazanamazana kuchokera kugombe, chimene watsala nacho chochuluka ndi madzi. Freddy, amene adakhala masiku 36 n'kuposa anamondwe onse olembedwa m'mbiri pa kukhalitsa, adalowa kachiwiri ku Mozambique kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi 2023. Chimene chidapha anthu ku Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu masiku otsatirawo kwakukulu sichinali mphepo. Inali mvula yosakata masiku angapo, mapiri n'kukhuta madzi mpaka kugumuka. Omwalira ndi osowa adapitirira 1,000.

Mukuona tsono, mayi, kuti mwina inu ndi akuluakulu aja nonse munkanena chinthu chimodzi. Ngati uthenga wa pa foni unkatchula namondwe, unkanena za gwero, limene linali kutali. Akuluakuluwo ankanena za chimene chidafika pakhomo pawo. Namondwe wa masiku ano amafika kwathu atavala mvumbi. Mukadati "kunyanja yamchere kuli namondwe, ndipo kuno atibweretsera mvumbi wa masiku atatu", palibe akadakutsutsani, ndipo aliyense akadapita kukagwira khoma lake.

Dziwaninso kuti si mvumbi uliwonse umene uli ndi namondwe kumbuyo kwake. Wambiri wa kuno kuchigawo chapakati umabwera pamene mpweya wachinyontho wochokera ku Congo wakumana ndi mphepo zina pamwamba pa dziko lathu n'kukhazikika pamenepo masiku angapo. Mukamva a zanyengo akutchula mpweya wa ku Congo m'miyezi ya Januwale mpaka Malichi, liwu loti mukonzekere kulankhula ndi mvumbi.

Napolo ndi wa kumapiri. Makolo a ku Zomba, Mulanje ndi Phalombe ankati ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamukira kunyanja chimatuluka ndi madzi, miyala ndi mitengo, n'kusiya njira yoti aliyense aione. Nayenso ali ndi na- wake, ndipo timati napolo wadutsa, sitinena kuti wagwa. Adadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, chaka chomwe chija cha Vipya, ndi ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi lidagumuka n'kukwirira midzi. Zimene zidachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, mu 2023 ndi napolo weniweni. Munthu akhulupirire za njokayo kapena ayi, liwuli likunena chinthu chodziwika bwino: matope ndi miyala yotsika phiri mwadzidzidzi, ndi mkokomo womveka kutali, osapereka mpata wonyamula kanthu. Kuchidikha kwa Dwangwa kumene muli inuko madzi sabwera choncho, ndiye musalitchule, pokhapokha mukuchenjeza anthu okhala m'tsinde mwa zitunda za kumadzulo kwa boma lanu, kumene timitsinje timatsika motsetsereka.

Chigumula chidachokera ku mneni wakuti kugumula, ndipo pafupifupi aliyense akalimva amaganiza za Nowa. Ndi liwu lolemera, la madzi omiza dziko, osasiya pothawira. Ine ndimati lisungidwe. Mukalitchula chaka chilichonse mtsinje ukangodzaza, lidzapepuka, ndipo tsiku limene lidzafunikedi anthu adzangopitiriza kupalira. Mawu a tsiku ndi tsiku ndi kusefukira: mtsinje wadzaza, mtsinje wasefukira, madzi alowa m'midzi. Awa si mawu a mvula ayi, ndi a zotsatira zake, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi nkhani ya moyo ndi imfa kwa ife okhala kumunsi.

Ndikutero chifukwa mitsinje yathu ikuluikulu siyambira kuno. Dwangwa amachokera ku Kasungu. Bua amayambira ku Mchinji, n'kudutsa malire a Kasungu, Dowa ndi Ntchisi asanatsike kudzera m'nkhalango ya Nkhotakota. Linthipe wathu wa ku Salima amachokera ku Dedza, ndipo panjira amalandira madzi a mtsinje wa Lilongwe, ochokera ku Dzalanyama, pamodzi ndi onse otsika m'misewu ndi m'madenga a mumzinda. Madzi onsewo njira yawo ndi imodzi, yodzera pakhomo pathu popita kunyanja. Choncho mtsinje ukhoza kusefukira kuno kukuwala dzuwa. Ndidaonapo amayi akuchapa pa Linthipe masana kuli ngwee, madzi ali m'akakolo. Mmodzi wachikulire adaimirira n'kuloza zinyalala, thovu ndi timitengo tikuyandama, madzi akusanduka ofiira. Adakuwa kuti, "Tulukani, mtsinje wadzaza kumtunda!" Adasonkhanitsa zovala zosatsukuluza n'kukwera kumtunda, ndipo posakhalitsa mwala umene ankachapirapo sunkaonekanso. Mayi ameneyo sadatchule mvula n'komwe, poti pamalopo sidagwe. Adatchula mtsinje ndi kumtunda, ndipo anzake adamva.

Za kumapeto kwa Febuluwale 2024 inu mukuzidziwa kuposa ine, pamene Dwangwa ndi mitsinje ina idasefukira, anthu masauzande n'kuthawira m'misasa, msewu wa M5 n'kuduka, ena n'kupulumutsidwa pa maboti. Chimene ndikufuna muone ndi chakuti chaka chimenecho chinali cha El Niño, kusintha kwa nyengo kumene kawirikawiri kumachepetsa mvula kuno kwathu. Mbali yaikulu ya dziko inkalira ng'amba, mpaka mu Malichi boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Panalibe namondwe wa dzina amene adafika ku Dwangwa. Munthu amene adazolowera kuti ngozi ya madzi imabwera pokhapokha wailesi ikatchula namondwe akadagona tulo tofa nato usiku umenewo. Ichi n'chifukwa china chimene sindifunira kuti liwu limodzi lilowe m'malo mwa onse. Nyanja nayo chaka chimenecho idakwera kwambiri n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake, ndipo kumeneko sitinena kuti yasefukira ngati mtsinje. Timati nyanja yakwera, kapena yabwera kumtunda, chifukwa imabwera pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ndipo siibwerera msanga.

Nanga muzilengeza bwanji? Langizo langa ndi lakuti uthenga wa pa foni musamauwerenge momwe wabwerera. Muziyamba mwaufunsa mafunso atatu: kodi ukunena za mphepo kapena za madzi, za maola kapena za masiku, za kuno kapena za kumtunda? Mayankho ake ndi amene akupatseni liwu. Mukatero, liwulo muliphatikize ndi nthawi, malo ndi chochita, chifukwa ngakhale liwu labwino chotani, achinyamata ena sadakule nalo.

Uthenga ukanena za mabingu, mphezi ndi mphepo yamphamvu, munene kuti: "Madzulo ano mpaka usiku kukhoza kugwa mvula yamkuntho. Ana asabisale pansi pa mitengo, limbitsani madenga, asodzi musalowe panyanja." Asodziwo muziwatchula padera nthawi zonse. Kuno ku Salima, pachilumba cha Mbenji, mafumu adakhazikitsa kalekale lamulo lotseka usodzi m'miyezi ya dzinja, ndipo pambali pa kupatsa nsomba mpata woswana, lamuloli limachotsa anthu pamadzi nthawi ya mphezi ndi mikuntho. Anthu a kunyanja amamvera chenjezo likawatchula iwo ndi ntchito yawo.

Uthenga ukanena za mvula ya masiku angapo, kaya watchula namondwe kaya mpweya wa ku Congo, munene kuti: "Kuyambira mawa kukubwera mvumbi, mwina masiku atatu. Lowetsani nkhuni ndi ufa. Amene nyumba zanu ndi za zidina muzigwira makoma chapansi madzulo aliwonse, akafewa musagonemo. Madzi akumwa muzithira mankhwala kapena kuwiritsa." Ngati pali namondwe wa dzina, mutchuleni ngati gwero, monga ndanenera kale, kuti amene amva dzinalo pa wailesi asaone ngati mukubisa kanthu.

Uthenga ukanena za mvula yambiri ku Kasungu, ku Ntchisi, ku Dowa kapena ku Mchinji, ngakhale kwanuko kuli dzuwa, musatchule mvula poyamba, chifukwa anthu adzayang'ana kumwamba n'kukusekani. Munene kuti: "Mtsinje wadzaza kumtunda, madzi ali m'njira. A m'mbali mwa Dwangwa ndi Bua samukirani kumtunda kusanade. Musaoloke, ngakhale pamene mumaoloka masiku onse." Komiti yanu ikhale ndi nambala ya foni ya munthu mmodzi kapena awiri a m'midzi ya kumtunda kwa mtsinjewo, kuti mawu akuti wadzaza azichokera kwa amene wauona ndi maso.

Pali chilengezo china chimene ambiri amaiwala, cha tsiku limene mvumbi watha. Timati mvula yakata, kunja kwayera, ndipo mawu amenewa amamasula mitima: anthu amatuluka, ana amathamangira kumtsinje kukaona madzi, amene adathawa amafuna kubwerera kukaona mbuzi zawo. Koma kukata ndi kwa mvula yokha. Madzi amene adagwa ku Kasungu dzulo akadali panjira, ndipo khoma limene lamwa madzi masiku atatu likhoza kugwa dzuwa likuwala. Tsiku limenelo mudzaimenso pachigayo paja n'kunena kuti: "Mvula yakata, koma mtsinje sunaphwe ndipo makoma sanaume. Tidikire kaye masiku awiri tisanabwerere."